Khomo Latsopano la Alamu

Ine ntchito yanga ndi yapafoni, m'laibulale. Munthu akaimba kufunsa ngati buku lakutilakuti lilipo, ndimalifufuza pakompyuta, kompyutayo n'kundiwerengera m'makutu, ine n'kumuyankha. Maso anga anazima kalekale, koma desiki langa ndimalidziwa ngati m'thumba mwanga: foni kumanja, kapu kumanzere, ndipo pakona pali kamsomali komwe kandithera majuzi.

Woyang'anira makompyuta kuno ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukawafunsa kanthu Lolemba, yankho umalimva Lachitatu.

Mwezi watha anaima pambali pa desiki langa, akununkhira sopo wawo uja.

"Alamu, makina akale aja osunga mndandanda wa mabuku, a m'chipinda cha kuseri, tawatsekera. Tsopano aliyense azidzera pakhomo latsopano."

"Khomo lanjinso?"

Anati dzina lake ndi pulokisi. Ndi kompyuta ina yoima pakati, ngati kalaliki wapawindo. Iwe ukapempha tsamba, iyo imalowa kuseri kukalitenga, ndipo isanakupatse imafufuta adiresi yakale pa malinki onse, timawu todina tokupititsa ku masamba ena, n'kulembapo yatsopano, kuti ukadina usapite kukagogoda pachitseko chokhoma.

"Inu simuona kusintha kulikonse," anatero.

"Ndionanso ndi chiyani?" ndinawayankha. Anaseka mochedwa, ali kale pamasitepe.

M'mawa mwake mawu a m'makutu aja anayamba zachilendo. Dzina la buku, kenako "chizindikiro chosadziwika". Wolemba, "chizindikiro chosadziwika". Mzere uliwonse, ngati munthu wantchirikwiti. Izo ndikanapirira. Chondipweteka chinali batani langa. Kale ndikadina batani limodzi ndinkalumpha zonse n'kufikiratu pa nambala ya shelufu. Tsopano ndikadina, zii, kenako "tsamba silikupezeka". Ndiye ndinkayenera kumvetsera tsamba lonse kuyambira pamwamba: moni wa laibulale, nthawi yotsegulira, malamulo obwerekera, munthu ali pafoni akudikira. Bambo wina anachita kundifunsa, "Mayi, kodi mwagona?"

Ndinaitana mnzanga wa pakauntala kuti andionere. Anati zonse zili bwinobwino, kungoti pali timadontho tina apa ndi apo, tosavuta n'komwe. Apo m'pamene mantha anandigwira. Ndinati kaya ndi zala zanga zayamba kusokonekera, kaya ndi mutu. Sindinauze munthu. Ine kudandaula sindimakukonda, paja anthu amangodikira kuti anene kuti "tinkanena ife".

Patapita masiku abwana anandiitanira mu ofesi mwawo. Ndi mayi wabwino, anayamba wandithirira tiyi. Anati anthu akudandaula kuti foni ikuchedwa, ndiye mwina sabata yamawa ndisamukire ku chipinda chomatira mabuku, ndikapumuleko.

Kupumula! Chipinda chimenecho mulibe foni, mulibe munthu, muli fungo la guluu basi. Ndinamwa tiyiyo mpaka kumaliza, ndinathokoza, koma mtima unali kuwawa koopsa.

Masana ndinamva nsapato za alamu zikudutsa. Ndinatambasula ndodo yanga n'kuwatchinga.

"Khalani apa."

"Alamu, ndikupita kukadya."

"Mimba yanuyo ndimaimva mukamadutsa pakhomo, tsiku limodzi siiphwa. Khalani."

Anakhala. Ndinapapasa batani la sikirini n'kuithimitsa, kenako ndinawaveka zomvera zanga za m'makutu.

"Tandipezereni buku lililonse la ulimi wa njuchi."

Ndinamva zala zawo zikuyenda pang'onopang'ono. Timawu tija tinkatulukira m'mbali mwa zomverazo, tikubwereza nyimbo yake ija. Alamu anapuma mozama.

"Aa! Zimenezi zakhala chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la khomo lanulo."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Inu osafunsa bwanji?"

Anayatsa sikirini n'kuyamba kulemba, akulankhula okha monga amachitira. Anati makina akalewo ali ndi kalembedwe kawo kakale ka zilembo, pomwe pulokisi imauza makompyuta athu kuti tsambalo lalembedwa mwatsopano. Zilembo wamba zimadutsa bwino, koma timizere tolekanitsa dzina ndi nambala timafika titasweka. Diso limangotilumpha, khutu limatimva tonse. Anaiuza pulokisiyo kuti izitembenuza kalembedweko isanapereke tsamba. Sizinatenge nthawi, madzi a m'ketulo akanakhala asanawire.

Ndinavala zomvera. Mawu anayenda myaa, opanda ntchirikwiti.

"Nanga batani langa?"

"Batani liti?"

Ndinawagwira chala n'kuchiika pamalo pake. Anadina. Ndinamva mpando ukulira pamene ankasendera pafupi ndi sikirini, kenako anangoti chete.

"Alamu, mwafa?"

"Ayi. Ndaiona. Linki imeneyi siioneka patsamba, ndi ya makutu okha. Pulokisi imafunafuna dzina la makina akale kuti ilisinthe, koma iyi inalembedwa ndi nambala ya makinawo, osati dzina. Ndiye imangoidutsa, inu n'kumakagogoda kuseri kokhoma."

"Wolemba zopusazo ndani? Akampani?"

Anakhosomola.

"Ndine."

"Inu? Si zimabwera ndi makinawo?"

"Sizibwera. Ndinkalemba pamanja, tsamba ndi tsamba, chaka chija maso anu ankatha. Loweruka ndinkabwera kuno. Mng'ono wanu ankaganiza kuti ndapeza chibwenzi, anandisiyira madzi ozizira osamba mwezi wathunthu."

Chaka chimenecho ndimachikumbukira. Abwana a nthawi imeneyo anali atayamba kale kukamba zondipumitsa, kenako nkhaniyo inangozilala chifukwa ndinkayankha foni msanga kuposa openya. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kuti ndinadzipulumutsa ndekha ndi liwiro la zala zanga. Ndadzitamapo ngakhale patebulo kwawo, iwo ali pomwepo akudya.

"Osandiuza bwanji?"

"Mukanakana. Mukanati simufuna chisoni cha munthu."

Zoona, ndikanakana.

"Ndipo ndinaziiwala," anapitiriza. "Poyesa khomoli ndinayang'ana tsamba lililonse ndi maso, zonse zikuoneka bwino. Pepani, alamu."

Anawonjezera mzere wina woti nambala ija nayonso izisinthidwa. Ndinadina batani langa, ndipo mawu ananditchulira shelufu pomwepo, ngati sanachokepo.

Alamu anaimirira. Anati akadutsa kwa abwana asanadye, akawauze kuti vuto linali la khomo, osati la wapafoni. Ndinafuna kunena kanthu kabwino, koma ine mawu otere sakhala pafupi. Ndinangowagwira mkono wa malaya osausiya.

Foni inalira. Ndinapukuta mphuno n'kuinyamula. Anali mayi wofuna buku la kasokedwe ka madiresi a ana, ndipo ndinamuuza pomwe lili asanamalize n'kufunsa komwe.

"Koma ndinu achangu," anatero mayiyo.

"Si ine ndekha," ndinamuyankha, "tilipo awiri."