Odi pa Garaja ya a Silas

Mabatani a yunifolomu yoyera anakana kukumana pamimba pa a Bennet. Anakoka mpweya, nabweza mimba m'kati, batani limodzi n'kulowa. Lachiwiri linathothoka n'kugubudukira kunsi kwa bedi la masaji.

Linali Lachinayi m'mawa. A Silas, achimwene awo, anamwalira Lolemba ndi mtima, ndipo thupi linali likadali kwa okonza maliro. M'nyumba amayi a mpingo, ambiri atangoweruka shifiti kuchipatala, ankaimba motsitsa atazungulira mayi Bernadette, amasiyewo. A Bennet anali atazembera ku garaja kukayesa yunifolomu ya malemuwo.

Garaja imeneyo inali ufumu wa a Silas. Munthu uja anayamba ndi kunyamula zikwama pa hotela ku Blantyre, nakatikita minofu ya anthu pa sitima zapamadzi za ku Durban, nadutsa ku Dubai, mpaka kudzagula nyumba ku Evington, mumzinda wa Leicester ku Mangalande, ndi manja ake awiri. Ndipo sankabisa. "Manja awa," ankatero akuwakweza m'mwamba, "adawongola msana wa kaputeni nyanja itakwiya!" Mmalawi aliyense wa ku Leicester nkhaniyo ankaidziwa pamtima. Akazi awo ankawaseka pa chinthu chimodzi chokha: mwamuna waphokoso chotero sankalowa m'garaja yakeyake osagogoda.

Christabel, mwana woyamba wa a Silas, analowa atanyamula matawulo. Anaima.

"Bambo aang'ono, vulani chonde."

"Ndivule? Zida za mwamuna zimapita kwa mbale wake. Ntchito yonyamula makatoni ku Corby yandikwana. Magazi ndi amodzi, manja ndi omwewo."

"Satifiketi siyenda m'magazi. Ine ndinakhala m'kalasi zaka, ndipo inshuwalansi ya chipinda chino ili ndi mayina awiri, la adadi ndi langa. Munthu wosaphunzira ntchitoyi akangokhudza kasitomala muno, bungwe lathu lindichotsa, chipinda n'kutsekedwa."

"Bungwe lakolo lili kuti? Likusuzumira pawindo?"

Asanayankhe, belu la khomo lam'mbali linalira. Panja panaima a Dawood, mkulu wobadwira ku Limbe amene ali ndi golosale ya ufa ndi nsomba zouma chakumtunda kwa msewu. Dzanja limodzi linali m'chiuno.

"Bwana Silas alipo? Nthawi yanga yakwana."

Christabel anawakhazika pampando, nawauza za malirowo. A Dawood anavula chipewa. Anayang'ana satifiketi ya pakhoma, kenako anapukuta maso ndi chipewacho. Christabel anathamangira m'nyumba kukaitana mayi ake.

Anabwerera limodzi n'kupeza zinthu zasintha. A Bennet anali atathira mafuta m'manja mpaka akudontha m'zigongono, ndipo ankakoka kolala ya malaya a mkuluyo.

"Mlendo wa achimwene sabwerera ndi ululu," ankatero. "Vulani, bambo, gonani apa. Msana ndiuswa bwinobwino. Lero n'zaulere!"

Christabel anaima pakhomo. Kudzudzula bambo aang'ono pamaso pa mlendo, pamaliro, sakanatha. Koma zala zamafuta zija zinali pafupi ndi khosi la kasitomala, ndipo ntchito yake yonse inali pa zala zomwezo.

Mayi Bernadette okha maso anali kwina. "A Dawood? Inu mumabwera muno?"

"Lachinayi lililonse, mayi, inu muli kuntchito. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi."

"Ine ndimagula ufa kwa inu sabata iliyonse! Ndipo a Silas, amene ankandiuza ngakhale zimene kaputeni ankadya m'mawa, osandiuzako?"

"Akabwera kushopu nanu ankandipatsa moni wa ufa basi," anaseka a Dawood. "Ndinawafunsa tsiku lina. Anati, za m'chipinda chino zimathera pakhomo."

Kenako anagwira dzanja la a Bennet mofatsa n'kulichotsa pakolala.

"Achimwene, mwadumpha zambiri. Simunandifunse."

"Ndifunse chiyani? Msana ndi msana."

"Mbale wanu ankayamba ndi mafunso ngati wapolisi. Mwagona bwanji, mankhwala asintha, lero ndigwire pati, pati ndisagwire. Ine ndimamwa mankhwala osungunula magazi. Mukandikanya mwamphamvu, mawa ndidzuka thupi lonse lili bii. Nditachitidwa opaleshoni anandibweza pakhomo pomwepa mpaka dokotala atavomera. Ndinakwiya, ndinawatchula wonyada. Anati, inde ndine wonyada, pitani kwanu."

Mayi Bernadette anaseka koyamba chiyambire Lolemba. "Ameneyo ndi iwowo!"

"Akamaliza mafunso ankatuluka," anapitiriza a Dawood. "Ndivule ndekha, ndigone, ndifunde thawulo. Kenako mumve: go, go. Odi, ndilowe? M'garaja yawoyawo! Zaka zonsezi sanandionepo ndikuvula malaya. Pomwe akugwira ndi pokhapo pamene ankavundukula."

A Bennet anayang'ana manja awo onyezimira. Anayang'ana chitseko.

"Ndiye kuti ndizituluka panja, kuzizira kumeneku, n'kumaodira m'nyumba ya mbale wanga?"

"Kasitomala aliyense," anatero Christabel motsitsa.

"Ndipo nkhani za anthu osakamba? Ngakhale kwa anzanga a pa basi ya shifiti?"

"Ngakhale kwa aanti, akazi anu."

"Aaa, iyayi! Ntchito yanji yopanda nkhani?" Anayamba kulimbana ndi batani lija. "Makatoni a ku Corby safuna odi. Ukawagwetsa sakakunenera kubungwe."

Yunifolomu itavuka, anaipinda mosalongosoka, natsokomola, naimirira mowongoka ngati pa msonkhano wa banja.

"Alamu, mukhale mboni. Ine monga bambo wotsala pakhomo pano, ndaganiza mozama. Zida izi ndikuzipereka kwa mwana uyu. Nzeru imeneyi ndinali nayo kuyambira ku Corby."

"Tamva, alamu," anatero mayi Bernadette, akubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Christabel analandira ndi manja awiri, atapinda maondo. Kenako anatembenukira kwa a Dawood.

"Lero ayi, bambo, mutu wanga suli pamalo. Mudzabwere Lachinayi lina, tikatha kuika maliro. Koma tidzayambira pa mafunso."

"Ndayankha kale kwa bambo ako!"

"Kwa ine simunayankhe."

A Dawood anamenya bondo ndi chipewa. "Wonyada winanso! Chabwino. Tsopano ndilowetseni m'nyumba ndikakhale nawo pamaliro. Khomo lakutsogolo sindinalowerepo."

Madzulo, anthu atayamba kuchepa, mayi Bernadette anakumbukira kuti hita yotenthetsera m'garaja yatsala yoyaka. Anadutsa kukhitchini, nafika pachitseko chija, nagwira chogwirira. Anachisiya.

Anapinda zala, nagogoda kawiri.

"Odi," anatero.

Anadikira pang'ono, monga ankadikirira mwini wake, kenako analowa.