Mabotolo a Nyerere a Aphunzitsi Jere

"Izi n'zotaya," anatero a Paison, akukankha ndi phazi mabotolo a nyerere pakhonde. Mkulu wawo, a Lazarus Jere, anaikidwa m'manda dzana lomweli, koma makiyi a nyumba anali kale m'thumba mwa a Paison.

Tamiwe anawerama n'kudzutsa botolo limodzi. Iye anafika pakhomopa ali kumsana kwa malemu mayi ake, mwana womupeza, ndipo a Lazarus anamulera zaka makumi atatu osatchulapo mawu amenewo. Atapuma pa uphunzitsi wa sayansi ku Chipata, mkuluyo ankasamutsa mazira a nyerere kuchoka m'botolo ili kupita m'linalo, kufuna kudziwa ngati kuphunzitsana njira n'kobadwa nako. Anthu a ku Kasenengwa ankati mutu wasokonekera. Wolemba m'kope anali Tamiwe.

"Munda ndi nyumba n'za Clement," anapitiriza a Paison. "Ife Angoni timatsata magazi. Iwe kwanu kuliko."

"Kwathu kuti, atate?"

Tamiwe anatembenukira kwa mchimwene wake. Clement, mwana wobadwa kwa a Lazarus, amene anatha zaka zisanu ndi zitatu ku Lusaka osaponda pano, anali maso pa foni.

"Musandiyang'ane ine, asisi. Ndi mwambo."

Mwambo! Pamene mkuluyo ankafuna womutembenuza pamphasa ndi womuchapira zofunda, mwambowo unali phee ku Lusaka. Tamiwe anangopempha mabotolowo.

"Tenga, ukadye zomwezo," anatero a Paison.

Akuwalongedza m'dengu, anaona nyerere ziwiri zitatsogozana pagalasi. A Lazarus ankakonda zimenezi. "Taona Tami," ankatero, "yakutsogoloyo imaima mpaka yam'mbuyo iikhudze. Kudikirako n'kwa m'magazi. Koma njira, mwanawe, imachita kuonetsedwa."

Tamiwe atasenza dengu, Clement anamutsatira mpaka kuseri kwa nkhokwe, kumene a Paison sakanamva.

"Asisi, mundawo uli mbali iti? Nanga malire ake?"

Tamiwe anamuyang'ana kuyambira kunsapato zonyezimira mpaka kumutu. Akafunse magazi akewo, anatero mumtima. Anatula dengu, n'kulowa kanjira ka kudambo mwaliwiro, misozi ili chuchuchu, osacheuka.

Pamphambano ya pachulu, pamene mlendo aliyense amasochera, miyendo yake inaima yokha. Anadziwa amene anamuphunzitsa kuima pamenepo, ndipo zinamukwiyitsa. Anadikirabe, mpaka anamva Clement akupuma wefuwefu kumbuyo kwake, kenaka anakhotera kumanzere.