Tsamba Loiwala Alendo

A Mustapha anaima kumbuyo kwa Subira, mwana wa chemwali wawo, akuyang'ana zala zake zikuthamanga palaputopu mu ofesi ya loji ku Chembe. Masabata atatu bwato lawo linali pamchenga. Alendo ankadzaza loji, koma wolembetsa ulendo wa kuchilumba panalibe.

"Taonani, amjomba," anatero Subira. "Mlendo akalowa patsamba la zipinda, webusayiti imamusiyira kachizindikiro m'foni kuti izimukumbukira. Timakatcha kuki. Koma akadina pa mabwato, tsamba limamufunsanso dzina ndi pasiwedi. Amatopa n'kutseka."

"Ndiye makina amaiwala ngati ine?"

"Inu mumaiwala dala."

Mayi Lusiya, eni loji, anaseka. Subira sanadzutse mutu. Anafufuza mzere ndi mzere mpaka anaima pamodzi.

"Apa. Amene anakonza anauza kuki kuti izigwira pa zipinda pokha. Tsamba la mabwato lili ndi adiresi yakeyake, ndiye siliiona."

Anafufuta mawu akuti zipinda n'kusiya kamzere kopendekeka kokha, kutanthauza njira zonse. Kenako anawonjezera domeni, dzina lalikulu la loji, kuti masamba onse awiri aziilandira.

"Chita choncho paliponse, tithane nazo," anatero mayi Lusiya.

"Ayi, mayi. Kuki imene mumalowera inu patsamba la ofesi ikhale pomwe ili. Kumeneko kuli mapasipoti a alendo. Kiyi wa sefa sapachikidwa pakhonde."

Anayesa pafoni yake, pa ya mayi Lusiya, ngakhale pa ya a Mustapha yong'aluka galasi. Ponse tsamba la mabwato linawalandira ndi dzina.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero mayi Lusiya.

Asanamalize tiyi, uthenga unalowa: alendo anayi, ulendo wa kuchilumba mawa m'mawa.

A Mustapha anavula kofia n'kuivalanso. Ndi iwo amene zaka zisanu zapitazo anaumirira pamaso pa abale kuti Subira akwatiwe, za koleji azisiye. Mtsikanayo sanawakumbutsepo, ngakhale lero.

A Mustapha anamuperekeza kokwerera galimoto ya ku Mangochi atamunyamulira chikwama cha laputopu. Subira atakwera, iwo anagogoda pawindo.

"Mwana wanga Naima akulemba Fomu 4 chaka chino," anatero akuyang'ana pansi. "Akamaliza, abwere kwa iwe."