Mawu a Zelifa M'kamwa mwa Doris

"Taimani kaye," anatero mayi Wezi akukweza dzanja, ndipo kwaya ya amayi inadukiza nyimbo pakati. Mayi Wezi anali mphunzitsi wochokera ku Rumphi. Anafika kwa Chiwalo chaka chomwecho, mpingo n'kuwapatsa kwaya chifukwa ankadziwa kuwerenga manotsi a nyimbo.

"A Zelifa, mawu muli nawo, koma lekani kutengera Doris wa m'mafilimu uja. Kunjenjemeretsa mawu kumapeto koteroko n'kwa Doris. Kuno muziimba ndi mawu anuanu."

Amayi ena anaseka chamunsi. Zelifa anangokonza mpango wake kumutu, nati, "Ndamva."

Kwa zaka khumi ndi zinayi, nyimbo iliyonse imene anthu ankaimva m'kamwa mwa Doris ankaimba ndi Zelifa. Zinayamba ali mtsikana wantchito ku Ndirande, pamene Ephraim, wojambula mafilimu, anamumva akuimba uku akuchapa. Anamutengera m'kachipinda kokhoma matiresi m'makoma n'kumuimika pa maikolofoni. Zelifa ankaimba, kenako Doris, wamtali ndi wa mano oyera, ankangoyendetsa milomo kutsogolo kwa kamera. Pepala lomwe Zelifa anasaina linkamuletsa kuuza munthu. Ngakhale atakwatiwa n'kubwerera kwawo ku Phalombe, ankakwerabe minibasi Ephraim akamuitana, anzake n'kumayesa kuti wapita kukaona mbale wake wodwala.

Atafika kunyumba kuchokera kukwaya kuja, Zelifa anapeza mwamuna wake, Fraser, akupuntha nandolo pabwalo. Ndi iye yekha m'mudzimo amene ankadziwa nkhaniyi.

"Mwabwera nkhope ili yakugwa, mayi a Gift. Kwagwanji?"

"Akuti ndikumubera Doris mawu."

Fraser anaika ndodo pansi. "Bwanji osangowauza?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Dzina langa linalembedwa pati? Angoti ndayamba misala."

Ali mkati molankhula, foni inalira m'chitenje. Anali Ephraim. Anati pali filimu yatsopano ya nyimbo zisanu ndi imodzi, Doris akhala mkwatibwi, ndipo Zelifa afike ku Blantyre Loweruka m'mawa.

"Koma ulendo uno mawu muwakweze, achemwali," anatero Ephraim. "M'filimu yathayi mumamveka ngati mayi wa ana anayi."

"Ndinedi mayi wa ana anayi."

Ephraim anaseka, koma Zelifa sanaseke nawo. Anakhala m'mphepete mwa khonde n'kutambasula miyendo.

"Achimwene, ndili ndi pempho limodzi. Kumapeto kwa filimu kuja mumalemba maina ambirimbiri, mpaka a onyamula magetsi ndi ophika tiyi. Mulembeponso langa. Olo timalemba ting'onoting'ono."

Ephraim anausa moyo.

"Anthu amagula Doris, achemwali. Akadziwa kuti saimba, tonse tatha. Musandivutitse chonde. Ku Chilomoni kuli mtsikana wina, Tikondane, amatha kutsanzira mawu a Doris bwinobwino. Ine ndimafuna inu chifukwa tinazolowerana basi."

"Mawu a Doris," anabwereza Zelifa pang'onopang'ono.

Anayembekeza kuti mtima umupweteka, koma anangomva kutopa, kuja kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni atatsika nawo phiri. Anakumbukira minibasi za mbandakucha, kuimirira tsiku lonse osadya, ndi kubwereza mzere umodzi kakhumi kuti ugwirizane ndi milomo ya munthu wina.

"Mutengeni mtsikanayo," anatero. "Koma muzimupatsa madzi ofunda asanayambe. Fumbi la m'chipinda muja limakanda pakhosi. Ndipo pepala lanulo mumuwerengere lonse asanasaine. Ine simunandiwerengere."

"Achemwali, taganizani kaye..."

Zelifa anadula foni n'kuiika pawindo. Fraser anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye Loweruka?"

"Loweruka tikathyole nandolo wa kumunsi uja asanayambe kusweka yekha," anayankha Zelifa. Anadzuka, natenga lichero, n'kuyamba kupeta.