Njinga Imene Lawford Anasiya Yomasula

"Gwirani apa, alamu, chisatembenuke," anatero Kenani.

Zelifa anagwada pa simenti ya khonde n'kugwira chitsulocho ndi manja awiri. Inali foloko ya kumbuyo ya njinga yamoto, ija imagwira tayala n'kumakwera ndi kutsika njinga ikagunda mabampu. Mwamuna wake Lawford, mkulu wake wa Kenani, anaimasula Loweruka lina, mawa lake n'kugwa panjira akuchokera kutchalitchi. Sanadzukenso. Atamuika kumudzi, cha kuseri kwa Nsaru, abale anabwerera ku Area 47 kudzalongosola katundu, pakuti nyumbayo inali ya boma, ndipo kalaliki wina amene amasamuka kuchokera ku Zomba anali akuidikira kale.

Njingayo inali itasanjikidwa pa njerwa, yopanda tayala la kumbuyo. Fumbi lofiira la malole a njerwa linali litaikuta.

A Bauleni, amalume awo a Lawford ndi Kenani, anakhala pa mpando pamthunzi wa khoma, maso ali psu chifukwa cha tulo ta pamaliro.

"Dzuwa likupita, iwe Kenani. Lole ya a Sumaila yopita kumudzi ija sitidikira pa Old Town paja. Bwanji osangoponya zitsulozi m'thumba?"

"Zikafika kumudzi zili zidutswa sizidzayendanso, amalume. Ana akatola mabawuti n'kumasewera nawo."

Kenani ankakonza malole a kampani ina yomanga ku City Centre, choncho ntchitoyi inagwera iye. Sanaifune. Mbumba inali itagamula pa manda pomwe kuti njinga, wailesi ndi masuti zipite kumudzi. Zelifa, amene kwawo kunali ku Domasi ndipo anatsatira mwamuna wake boma litayamba kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, amusiyire mbale ndi bedi. Mulungu sanawapatse mwana, ndiye panalibe womuyankhulira.

Beringi imodzi yakale inali idakali m'bowo la foloko, momwe imalumikizana ndi thupi la njinga. Kenani analowetsa chitsulo chosongoka n'kumenya ndi hamala. Inakana. Anamenyanso, mano atakukuta, mpaka inasolotoka. Tizitsulo ta m'kati mwake tinakhuthukira pansi, tadzimbiri, ngati mpunga wopserera.

"Zatsopano zili kuti, alamu?"

Zelifa analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mkaka. M'katimo munali maberingi awiri okulungidwa m'kansanza ka girisi.

"Achimwene anu anawadikira nthawi yaitali kwa Amwenye," anatero. "Tsiku limene anawapeza anabwera akuimba muluzu kuyambira kumsewu."

A Bauleni anakhosomola.

"Apongozi, musatione ngati anthu ouma mtima. Lawford tinamuphunzitsa ndi fodya wa mbumba yonse. Paja pamene akumanga maofesi aatali paja, amayi ake ankalimapo mtedza. Boma linatisamutsa, tinanyamula madenga pamutu. Kumene tili kulibe basi, munthu akadwala timamunyamula pa ngolo. Njingayi ikatithandiza."

"Sindinakane kanthu, apongozi," anayankha Zelifa osadzutsa mutu. "Tengani. Ine ndatopa."

Kenani anapukuta bowolo ndi nsanza, analipaka girisi, n'kukhazika beringi yatsopano pakamwa pake. Sanaimenye, kuopa kuiphwanya. Anapisa bawuti lalitali, mawashala uku ndi uku, n'kuyamba kumanga nati pang'onopang'ono kuti beringi ilowe yokha mowongoka. Asanapemphe sipanala ina, Zelifa anali atamupatsira kale.

"Mumawathandiza achimwene?"

"Ndikaweruka kuchipatala ndinkawagwirira. Amati manja a namwino sanjenjemera."

Apo m'pamene Kenani anaona zowotcherera zatsopano pa foloko. Makutu amene amamangapo mashoko, masipuling'i a kumbuyo aja, anali atadulidwa n'kusunthidwira kumbuyo. Anasisita msokowo ndi chala. Inali ntchito yaukhondo, yochita kuilingalira, koma sanamvetse chifukwa chake.

"Ankafuna kuitani njingayi, alamu?"

"Ndikafunsa ankangoti, ‘Mudzaona ikatha.’ Mukuwadziwa achimwene anu."

Beringi yachiwiri inalowa mosavuta. Onse awiri anakweza foloko, Zelifa akulunjikitsa mabowo, Kenani akukankha bawuti lalikulu. Anaigwedeza uku ndi uku, sinasewere ngakhale pang'ono. Anamanga mashoko, tayala ndi tcheni, msana ukumuwawa, thukuta likulowa m'maso. Kenako anachotsa njerwa, njinga n'kuima pa matayala ake.

Kenani anaikwera. Mawondo ake anakwera m'mwamba ngati wakhala pa kampando ka mwana. Anapapasa mpando, n'kupeza kuti nawo siponji yake inali yosengedwa.

"Nanga ichi?" anatero a Bauleni akudzuka. "Njinga ija inali yaitali. Waimanga molakwa."

"Sindinalakwitse, amalume. Aifupikitsa dala."

"Lawford, munthu wotalika ngati mlongoti uja, afupikitse njinga yake?"

Kenani anatsika. Anaima kanthawi atagwira chiwongolero, akuyang'ana mpando, kenako anayang'ana mlamu wake, amene mutu wake sunkafika n'komwe paphewa lake.

"Alamu, takhalanipo."

"Ine? Pamaso pa apongozi? Ayi."

"Chonde. Ndaigwira."

Zelifa anayang'ana a Bauleni. Mkuluyo anapotolokera kumbali. Mayiyo anakokera chitenje chake bwinobwino, nakweza mwendo mwamanyazi, n'kukhala. Mapazi onse awiri anaponda pansi, zidendene zomwe.

Lole ina inadutsa kumsewu, fumbi n'kuwagwera osalipewa.

"Tsiku lina anandiyeza mwendo ndi chingwe," Zelifa anayankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Ndinali nditafika wapansi kuchokera ku Old Town, basi itandisiya, mapazi ali m'beseni. Ndinawakalipira. Ndinati ndatopa ine, inu mukuchita masewera."

Misozi inali itamuthera kumudzi.

Kenani anapukuta manja pa nsanza nthawi yaitali. Chibadwire anali asanawatsutsepo amalume ake.

"Amalume, wailesi ndi masuti ndikunyamulirani mpaka pa lole. Njingayi mwini wake anaigawa kale."

"Anakuuza?"

"Mwaona nokha."

"Nanga odwala kumudzi?"

"Ndikapempha galimoto kuntchito pakagwa vuto. Zimenezo zikhale pamutu panga."

A Bauleni anavala chipewa chawo. Ankaoneka okalamba kuposa m'mawa muja.

"Ukayankha wekha kwa azinzako a mbumba. Ine pakamwa panga pauma." Anayenda pang'ono n'kuima. "Lawford ameneyu anali wotero kuyambira kale. Kuchita chinthu osanena. Tsalani bwino, apongozi."

Analowa m'nyumba kukatenga sutikesi.

"Alamu, ine sindidziwa n'kuyendetsa komwe," anatero Zelifa, akadali pa mpando paja. "Ndipo anthu azinena chiyani, mkazi wamasiye pa njinga yamoto?"

"Anena, atopa. Lamulungu tikapita pa bwalo la mpira, ndikakuphunzitseni."

Kenani anawerama kuti amukonzere galasi loonera kumbuyo, lija la kumanja. Asanalikhudze, Zelifa anamugwira dzanja.

"Lisiyeni," anatero akuyang'anamo. "Ndikuona bwinobwino. Analikonza kale."