Manja a Americo

Lurdes anali atatsimikiza mtima kuti ku Blantyre sapitanso. Madiripi a mankhwala a khansa anali atalandira awiri, anatsala anayi, koma iye ankangoona ngati n'kudzizunza chabe. Munthu uchirirenji pamene mwamuna wako wayamba kunyansidwa nawe?

Umboni anali nawo. Bere lakumanzere anamuchotsa, tsitsi linathothoka, ndipo chiyambireni madiripiwo mwamuna wake Americo anasinthiratu. Anamugulira mbale ndi kapu yakeyake. Anasamuka kuchipinda n'kumagona pabalaza, pambali pa njinga yake ya kabaza. Akabwera kuchokera ku Muloza, kumene ankanyamula anthu ndi katundu pamalire, ankaima pakhomo n'kufunsa, "Mwaswera bwanji, mayi a Jessica?" ngati munthu wodutsa m'njira. Amayi akumpingo atabwera kudzazonda, anawabweza asanakhale n'komwe. Kwathu kuno wodwala amazondedwa ngakhale ndi amene anatukwanizana naye dzulo, ndiye mkamwini kubweza anthu pamudzi pa eni! Mudzi wonse unalankhula. Lurdes yekha ndi amene sanalankhule. Ankangolira mwakachetechete, nkhope atalozetsa kukhoma.

Tsiku la diripi yachitatu litadutsa, Lachinayi m'mawa kunamveka njinga yamoto. Anali Rosie, namwino amene ankayendera odwala khansa m'makomo. Anapeza Americo akumata chubu pabwalo. Anapempha madzi ndi sopo, anasamba m'manja, n'kulowa kuchipinda. Anamuyeza Lurdes kutentha kwa thupi, anaona chipsera, kenako anakhala pabedi pomwepo. Panali patatha milungu isanu ndi umodzi munthu wina asanakhalepo.

"Thupi lili bwino, mayi. Nanga kuchipatala bwanji simunapite?"

"Thiransipoti," anatero Lurdes.

"Iii, amuna anu ali ndi kabaza, ndipo ya basi tinakupezerani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi. Ndiuzeni."

Lurdes anayamba ndi mbale, n'kufika pa amayi akumpingo, misozi ikutsika. "Akunyansidwa nane, anesi. Ngakhale dzanja lokhali sandigwira. Ndiye ndizikasanza ku Blantyre chifukwa cha ndani?"

Rosie sanamutsutse. Anamusiya alire mpaka atapuma, kenako anafunsa ngati angawaitane bambowo. Lurdes anagwedeza mutu kuvomera.

Americo anafika n'kuima pakhomo paja, chipewa chili m'manja.

"Lowani, bambo," anatero Rosie.

"Ayi, pompano pali bwino. Ndagwira matayala."

"Mayiwa akuti mukunyansidwa nawo."

Americo anayang'ana namwino, anayang'ana mkazi wake, chipewa n'kugwa pansi.

"Ine? Mayi a Jessica, ine?" Americo anatola chipewa chija. "Tsiku la diripi yoyamba lija, inu mukusanza, adokotala anandiitana panja monga wodikirira wodwala. Anati mankhwalawa amagwetsa asilikali a m'thupi, kachimfine kokha kangathe kuwatenga akazi anu. Ndiye taonani ntchito yanga, anesi. Tsiku lonse makwacha ndi mametikashi a kutsidya kwa malire, a thukuta la anthu, ali m'manjamu. Otsokomola, a zipere, onse amandigwira m'chiuno. Ndibwere nazo zimenezo pabedi pa mkazi wanga? Ndimuphe ndi manja angawa?"

"Nanga osandiuza?" anafunsa Lurdes.

"Ndikanakuuzani kuti chimfine chingakupheni, mukanagona tulo?"

Amuna ena ndi otero. Angathe kusenza thumba la chimanga kuchokera ku Milange mpaka ku Limbuli osadandaula, koma mawu awiri okha amawalemera. Apa ndi pamene Lurdes anamuyang'anitsitsa mwamuna wake, n'kuona kuti anali atawonda, lamba ataboola bowo latsopano. Mtima unakhala m'malo, ndipo nthawi yomweyo anapsa mtima kwambiri. Ankafuna kumukumbatira, ankafunanso kumugenda ndi kapu.

"Munamva bwino, bambo," anatero Rosie, "kungoti mwachulutsa mchere. Majeremusi ndi oopsadi, koma si inuyo jeremusi. Mukabwera kuntchito, vulani zovala zapamsewu, musambe ndi sopo, madzi ochita kuthirirana, osati kuviika manja m'beseni limodzi. Mukayamba kutsokomola, valani masiki ndipo mugone pabalaza mpaka mutachira. Odzazonda azibwera awiriawiri, athanzi, azikhala pakhonde pamphepo. Thupi likatentha, kuchipatala tsiku lomwelo. Basi. Munthu wosiyidwa yekha mankhwala amawataya, ngati mmene anachitira mayiwa."

"Awataya?" Americo anadzidzimuka.

"Ndipita," anatero Lurdes msanga. "Anesi, auzeni a ku Blantyre kuti ndipita."

Rosie anaimba foni pomwepo, ndipo anawapatsa Lolemba.

Kenako onse anatuluka pakhonde. Rosie anatenga jagi n'kuyamba kumuthirira Americo madzi. Iye anapaka sopo, anatikita zikhatho, pakati pa zala, m'zikhadabo, mpaka m'zigongono. Anatsukuluza n'kupakanso. Jagi yoyamba inatha, yachiwiri inafika pakati. Lurdes, atakhala pampando, ankangoyang'ana thovu likuyenderera pabwalo.

"Kwakwana, bambo," anatero Rosie.

"Pang'ono pokha, anesi. Chala ichi chili ndi girisi."

Lurdes anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono atagwira chipupa, anafika pamene panali mwamuna wake, n'kuligwira dzanjalo lili lonyowa, thovu lidakalipo. Americo anafuna kulibweza, koma iye analikanikiza pa tsaya lake.

"Sopo si wa boma uyu, bambo a Jessica," anatero akuseka, misozi ikutsikira m'zala za mwamunayo. "Ndadikira mokwanira."