Digiri ya Priska Yalowa M'dimba

Dimba la a Feston ku Nyachikadza linali litachita mchere. Nthaka inkayera mbuu, chimanga n'kumafa chisanafike m'mawondo. Zaka ziwiri zotsatizana banja linapulumukira nyika, timizu ta zomera za m'madzi a m'dambo.

Tsiku lina mwana wawo Priska, amene ankaphunzira zaulimi ku koleji, anatsika m'bwato ndi chikwama ndi khasu, sukulu ili m'kati.

"Akuchotsa?" anafunsa a Feston.

"Ayi, baba. Maphunziro anasintha. Tsopano aliyense amakhala miyezi inayi m'munda mwa mlimi. Ine ndasankha dimba lathu."

A Feston anakana kwamtuwagalu. Iwo ankapalasa njinga ya nsomba mpaka ku Bangula kuti mwana adzakhale mu ofesi, osati adzabwerere m'matope. Zinawachititsa manyazi.

Mayi Clotilda, mlangizi wa zaulimi m'deralo, anawapeza akusoka ukonde.

"A Feston, ndi alangizi angati anakuuzani kuti mubzale ndi mvula yoyamba?"

"Ambiri. Madzi osefukira n'kubwera kudzakokolola zonse."

"Mmodzi mwa iwo ndinali ine. Anatiphunzitsa ulimi wa kumtunda, wa m'mabuku. Za kuno ndinazidziwa nditakulakwirani kale. Koleji yaliona vutolo. Mulekeni mwanayu aphunzire kwa inu."

"Kwa ine?" Mawuwo anawakomera, ngakhale anayesa kubisa.

Madzi ataphwera, bambo ndi mwana analowa m'dimba. A Feston anamuonetsa kulawa dothi ndi lilime, ndi kukumba phando lakuya mpaka pa chinyezi. Priska anayeza nthaka, nati pamene pali mchere wambiri abzalepo mapira, ndipo aphimbire ndi mapesi kuti dzuwa lisakokere mchere pamwamba. Anakangana ndithu, poti onse ndi amakani, koma anabzala.

Mapira anabereka mpaka ngala kuwerama. Chaka chimenecho njala inadutsa pa khomo lawo osagogoda.

Aphunzitsi a ku koleji atabwera ndi ophunzira ena, anapempha a Feston kuti afotokoze zonse. Munthu amene analekeza sitandade 3 anaphunzitsa ola lathunthu, akusakaniza Chisena ndi Chimang'anja, ana a digiri akulemba. Anamaliza ndi kuloza Priska monyada: "Zina zonsezo afunseni alangizi athu awa."

Maphunziro a zaulimi amatukula mudzi ophunzira akamaphunzirira m'minda ya anthu. Akabwera kwanu alandireni, muwaphunzitse zomwe mukudziwa, nanunso mumvere zawo.